Timawilo Todyeka Mbali Imodzi

Tegan Kowalick anafika Lachitatu m'mawa atavala yunifolomu. Pa maliro a amuna anga anabwera atavala diresi lakuda, choncho nditaona yunifolomuyo ndinadziwa kuti sanabwere kudzandipepesa. Mtsikanayu anaphunzira kalasi imodzi ndi mwana wanga, ndipo tsopano ndi wapolisi m'tauni yathu ya Peterborough.

"Mayi Pridham, ndingalowe?"

"Lowa, mwanawe. Tiyi udzithirire wekha, ukudziwa pokhala makapu."

Tiyi sanamukhudze. Anaika pathebulo thumba la pulasitiki, ndipo m'kati mwake munali kabogi ka sitima ya chidole, ka malata, kotalika ngati nsapato ya munthu wamkulu. Kanali kobiriwira, kokhala ndi mizere yagolide kuzungulira timawindo.

Aliyense wosonkhanitsa zidolezi amakadziwa kabogi kameneka. Kampani ya Tredrea ya ku Adelaide inapanga timabogi tofiira tambirimbiri, koma tobiriwira inapanga makumi anayi okha, mu 1951, kenako inatsekedwa. Amuna anga, a Lindsay, anali nako kamodzi kenikeni. Anakapeza mu 1987 pa famu ina imene inkagulitsa katundu. Kwa anthu amene ankakalakalaka koma osakapeza, a Lindsay ankatenga kofiira, kuchotsa penti, n'kukapenta mobiriwira. Zimenezi si mlandu. Lamulo la kalabu yathu ya okonda sitima za zidole ndi limodzi lokha: kabogi kalikonse kopentedwanso kakhale ndi kadontho koyera kunsi kwake, ndipo m'kadonthomo mulembedwe dzina la wopenta ndi chaka.

Tegan anatembenuza thumbalo. Kunsi kwa kabogi kunali kwakuda bii, kopanda kadontho.

"Dokotala wina wa mano wa ku Adelaide anakagula kwa a Wal Hentschke mwezi wa Malichi, ngati kenikeni," anatero Tegan. "Atafika nako kwawo anakayang'ana ndi galasi lake loonera mano, ndipo anapeza penti wofiira m'kamphako ka pakona. Wadandaula kupolisi. A Wal akuti aka ndi kamene a Lindsay anawasiyira pomwalira."

"Eya."

"Ndiye anthu akuti kenikeni a Lindsay analibe. Akuti ananamiza kalabu zaka zonsezi. Loweruka lino kuli msonkhano wochotsa dzina lawo pachikho cha kalabu ndiponso pachitseko cha holo yake. Mlembi watumiza kale makalata."

Ndinamva mawu onse bwinobwino, koma kuyambira mu Januwale chilichonse chinkandifika ngati chikuyankhulidwa m'chipinda china. Ndinafufuza mkwiyo mumtima mwanga, osaupeza. Ndinangovala magalasi n'kukokera thumbalo pafupi.

"Mizere iyi ndinajambula ndine," ndinatero.

"Inuyo?"

"A Lindsay dzanja linayamba kunjenjemera ali ndi zaka makumi asanu. Penti wobiriwira ankathira okha, koma mizere ndi kadontho inali ntchito yanga. Sitinauze munthu. Ine ndine wamanzere, taona, mzere ukuyamba wonenepa kumanja n'kuonda popita kumanzere. Tinapanga khumi ndi tiwiri totere, ndipo palibe kamene kanatuluka pakhomo pano kopanda kadontho. Wina wapala."

Tegan anapumira m'mwamba. "Mayi, mukudziwa kuti zimenezi zikuwakanikizanso malemu? Mwangondiuza kuti kanachokera m'shedi mwanu."

"Ndikudziwa."

"Nanga kenikeniko kali kuti?"

"Ndimayesa kuti kali kwa a Wal. Yatsa galimoto."

* * *

A Wal amakhala kuseri kwa galaja yakale, pakati pa makatoni ofika kudenga. Tinawapeza akudya payi ya nyama ali chiimire, msuzi ukudonthera pamalaya.

"Eee, boma lafika! Ndipo labwera ndi mboni. Noelene, mlongo wanga, usandiyang'ane choncho. Ine ndi amene ndachita manyazi. Kumsika anzanga akundinena kuti Wal wa penti."

"Munagulitsa mphatso ya mnzanu miyezi iwiri isanathe," ndinatero. Sindinanene mokalipa. Mawuwo anangotuluka ngati ndikunena kuti kunja kuli dzuwa.

"Ndinagulitsa, inde. Ine ndimagulitsa, ndiyo ntchito yanga. Lindsay ankadziwa zimenezi pondisiyira. Ukapatsa mbuzi chimanga usadabwe kuti yadya."

"A Hentschke," Tegan analowerera, "kabogika kanakufikani bwanji?"

"Anabwera nako ndi Rex, mlembi wathu, kali m'katoni ya nsapato. Chipewa chili m'manja, nkhope ngati ya m'busa. Sanakhale pansi ndi pang'ono pomwe."

"Linali liti?"

"Tsiku lija kunagwa mvula, kumapeto kwa Januwale. Mvula yake inali imodzi yomweyo chilimwe chonse, munthu sungaiwale. Katoni inanyowa pamwamba."

Tegan analemba. Kuno kwathu Januwale ndi mwezi wa chilimwe, ndipo mvula ija inagwa pa 28. Ine ndinakumbukira kuti a Rex Polkinghorne ananyamula makatoni onse a mphatso kunyumba kwanga pa 9, maliro atangochitika dzulo lake. Ndinawapatsa ndine ndandanda ya mayina imene a Lindsay analemba ali kuchipatala.

"Munakayendetsapo panjanji?" Tegan anafunsa.

A Wal anaseka mpaka kutsamwa. "Njanji? Mwana iwe, tayang'ana m'nyumba muno. Waionapo njanji? Kuyendetsa n'kwa ana ndi kwa madala a kukalabu aja. Ine changa ndi kupukuta, kukulunga, kutumiza. Chinthu ukachiyendetsa chimakalika."

"Simunaone kuti n'kabodza?"

A Wal anasiya kutafuna. Anandiyang'ana ine, osati wapolisi.

"Kanachokera kwa Lindsay," anatero motsitsa mawu. "Ndikanayang'aniranji?"

* * *

M'shedi ndinali ndisanalowemo chiyambire Januwale. Munkanunkhabe mafuta osungunulira penti. Juzi ya a Lindsay inali pampando pomwe anaisiya. Ndinaichotsa n'kuikoleka pamsomali, ndipo Tegan anandiyang'ana ngati akudikira kuti ndilire. Ndinayatsa nyale ya pathebulo n'kukokera pafupi galasi lokuzira zinthu.

"Vala magolovesi ako ukatulutse. Ukagoneke chagada."

Wopala kadonthoyo anagwira ntchito yake mosamala. Anapakanso penti wakuda, n'kumufwifwitsa. M'makona anaikamo dzimbiri pang'ono. Padenga anakalakala timizere ngati ta chidole chimene chakhala m'bokosi limodzi ndi zinzake. Zonsezi munthu angachite paliponse, ngakhale kukhitchini. Kenako ndinafika pa timawilo.

Timawilo timene tinkaika ife tinali tatsopano, tosadyeka. Chidole cha 1951 sichingakhale ndi timawilo totero, ndipo wopalayo ankadziwa zimenezi. Kudyeka kwa wilo sikupangidwa ndi tupa, wodziwa amazindikira msanga. Njira yake ndi imodzi: kuyendetsa kabogi panjanji masiku ambiri.

"Suzumira apa," ndinamuuza Tegan. "Ukuona chiyani?"

"Mkombero wa wilo wawala. Wadyeka."

"Tsopano mbali inayo."

Anasuntha mutu. "Uku sikunadyeke kwenikweni."

"Mwana akamasewera, amanyamula kabogi n'kukabwezera panjanji mmene wafunira, lero kuloza uku, mawa kuloza uko. Timawilo timadyeka mbali zonse. Ka a Lindsay kanali kotero. Aka kanaikidwa panjanji kamodzi kokha n'kumazungulira njira imodzi osachotsedwa, ndiye mbali yakunja yokha ndi imene inkakhuzana ndi njanji pokhota."

"Njanji yake ingakhale ya aliyense."

"Ona mtundu wa kuwalako."

Anayang'ananso nthawi yaitali. "Kukuoneka kwachikasu."

"Ndi mkuwa umenewo. Njanji za ana a nthawi imeneyo zinali za malata, zimasiya kuwala kotuwa." Ndinamulozera njanji ya a Lindsay yoyeserapo, ya malata, yowongoka, yosakwana mamita awiri. "Apa sungazungulire. M'tauni muno njanji ya mkuwa yozungulira ili malo amodzi."

"Kuholo ya kalabu."

"Kuholo."

"Koma, mayi, holo imatsekedwa Januwale yense chifukwa cha kutentha. Bambo anga ankadandaula chaka chilichonse."

"Imatsekedwa, inde," ndinatero, n'kuzimitsa nyale.

* * *

Holo ya kalabu inagundana khoma ndi sitolo ya mpingo yogulitsa zovala za kaunjika. Amagulitsamo ndi mayi Dot Schulz, a zaka makumi asanu ndi atatu, ogontha khutu limodzi, ndipo akayamba kuyankhula munthu umangodikira.

"Noelene! Mayo ine, waonda. Ukudya? Sukudya iwe. Tegan, mayi ako anasiya ambulera muno chaka chatha, ukawauze kuti ndigulitsa. Mwati chiyani? Januwale? Ndinalipo, ndipite kuti? Fani iyi ndi imene inandisunga."

"Munamvapo chilichonse kuholoko mwezi umenewo?" Tegan anafunsa mokweza, atapita kumbali ya khutu labwino.

A Dot anatembenukira ku mulu wa zovala. Anayamba kupinda malaya amene anali opinda kale.

"Ndikanena museka."

"Sitiseka, mayi."

"Sitima inkayenda. Kuseri kwa khomali. Ine phokoso sindimva bwino, koma shelefu iyi ya makapu imanjenjemera madala aja akayatsa zinthu zawo. Ndiye makapu anayamba kulira, ngwee ngwee, kuyambira m'mawa mpaka ndikutseka. Osaima ngakhale nthawi ya nkhomaliro. Madala aja amaimitsa pafupipafupi kuti akangane, koma iyi ayi. Masiku asanu ndi atatu."

"Anayamba liti?"

"Lolemba lotsatira maliro." Anandigwira dzanja. "Noelene, ndinkati ndi Lindsay wabwera kudzatsanzika sitima zake. Ndinati ndimusiye, asewere, wavutika m'chipatala. N'chifukwa chake sindinakuuze. Ndinkaopa kuti ubwera kudzakhala pakhomopo."

Ndinaganiza kuti mwina ndikanabweradi. Ndinaliona ganizolo likudutsa, ngati galimoto ya munthu wina mumsewu.

"Simunasuzumire?" anatero Tegan.

"Ndisuzumire mzimu? Iwe, ndine wa Lutheran ine, koma si wopusa."

"Galimoto panja? Njinga?"

"Panalibe. Anthu ake a kuno amayenda pansi, tauni yake iti." Anabwerera ku malaya aja. "Koma mwini galu uja ndiye ndikufuna ndimuone. Kumanga galu pampopi, dzuwa limenelija! Ndinkamupatsa ndine madzi m'mbale ya makeke tsiku lililonse."

Tegan anasiya kulemba. "Galu wotani?"

"Wakuda, wokalamba, wa miyendo itatu. Dzina lake landithawa. Amatsata bambo uja wa chipewa."

Tegan anatseka kabuku kake pang'onopang'ono. M'tauni yathu galu wa miyendo itatu alipo mmodzi.

* * *

Galuyo anatilandira pageti, akugwedeza mchira. Anandinyambita dzanja chifukwa amandidziwa. Lachinayi lililonse chimwalirire a Lindsay, iye ndi mbuye wake ankabwera kwathu ndi poto wa supu.

A Rex Polkinghorne anagwira ntchito ya zizindikiro za sitima zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo amanyadira kuti sanalakwitsepo. Ndi amene anali mboni pa ukwati wathu. Anatsegula chitseko atavala tayi, masana a Lachitatu, m'nyumba mwawo momwe.

"Alamu," anatero. Kenako anaona Tegan. "Ndi boma lomwe. Lowani. Samalani kapeti, yapindika pakona."

Tinakhala pabalaza. Pathebulo panali makina awo akale otayipira ndi mulu wa mapepala a msonkhano wa Loweruka, osanjidwa bwino.

"A Polkinghorne, makiyi a holo amasunga ndani?" Tegan anayamba.

"Alipo awiri. Ena ali ndi wapampando, ena ali ndi ine."

"Wapampando anali kuti mu Januwale?"

"Ku Port Lincoln, kwa mwana wake. Anachoka pa 10, anabwera pa 2 Febuluwale." A Rex amayankha choncho nthawi zonse, ndi masiku ake omwe.

"Inuyo munalowamo m'holo mwezi umenewo?"

"Holo imakhala yotseka mu Januwale."

"Sindinafunse zimenezo, bambo."

A Rex anatembenukira kuthebulo. Anawongola pepala limodzi limene linali lowongoka kale.

"Alamu," ndinatero ine, "munanyamula makatoni pa 9. A Wal analandira yawo pa 28. Timawilo tadyeka mbali imodzi, ndipo pali mkuwa."

Anatseka maso. "Mbali imodzi," ananena chapansipansi. "Ndinayenera kumakatembenuza." Anapukusa mutu, ndipo ndinaona kuti kulakwitsa kumeneku kunawapweteka paokha, ngati mmisiri. "Kukalabu sititembenuza. Chiyambire 1974 sitima zimazungulira cha kumanja. Sindinaganizeko n'komwe."

Anaimirira n'kulowa kuchipinda. Tegan anafuna kuwatsatira, koma ndinamugwira mkono. Anabwerako ndi chinthu chokulungidwa m'thaulo la tiyi, n'kuchiika patsogolo panga. Anachivundukula okha.

Kubiriwira kwa kenikeni n'kozama kuposa kwathu. Zaka zonse zija a Lindsay sanathe kukupeza ndendende, ndipo ankadandaula nako ngakhale pa chakudya. Mizere yake ndi ya makina, yofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinakatembenuza. Timawilo tinali todyeka mbali zonse.

"Kopentedwako munakatenga kuti?" anafunsa Tegan.

"Kanali kanga. Lindsay anandipatsa nditapuma pa ntchito." Anatembenukira kwa ine. "Alamu, ndinadziwa kuti Wal agulitsa. Nditaona dzina lake pandandanda paja ndinadziwiratu. Kabogi kamene Lindsay ankakapukuta ndi mpango wake wa m'thumba, kapite kwa munthu wosamudziwa, kakatsekeredwe m'kabati ku Adelaide kapena ku America? Ndinati Wal sayang'ana, ndipo wogula sadzadziwa. Ndinati kenikeni kakhale kuno kwawo. Sindinafune kukagulitsa. Sindinakayendetse ngakhale kamodzi. Ndimangokatulutsa m'mawa ndikamamwa tiyi."

"Ndipo Wal anagulitsadi," ndinatero.

"Anagulitsa! Masabata asanu ndi awiri okha!"

"Munalondola."

Anandiyang'ana ngati munthu amene wapatsidwa madzi. Ndinatenga pepala limodzi pamulu paja. Linali lotayipidwa bwino, lopanda chofufuta. Ndinawerenga mokweza: "Mfundo yachitatu. Kuchotsa dzina la L. Pridham pachikho cha kalabu ndi pachitseko cha holo."

Galu anagona pansi pa thebulo.

"Munatayipa nokha izi?"

"Ndine mlembi, alamu."

"Munapinda makalata makumi atatu. Munamata masitampa. Lachinayi lapitali munabwera ndi supu, n'kundifunsa ngati ndikugona bwino."

"Ndinkati ndinene. Tsiku lililonse ndinkati lero ndinena." Anayang'ana mulu wa mapepala uja. "Dokotala uja atangoimba foni, ndinaganiza kuti anthu anena kuti Wal ndiye wachita. Wal akanapirira, ndi chikopa cholimba. Sindinaganize kuti atembenukira Lindsay. Pamene ankatchula dzina lake ndinali nditakhala chete kale sabata yathunthu, ndipo kuyankhula kunali kutavuta kuposa poyamba. Zaka makumi atatu ndi zinayi, alamu, popanda cholakwa chimodzi m'buku langa."

Ndinayembekezera kuti tsopano china chake chiphulika m'chifuwa mwanga. Munthu uyu anaima pambali pathu m'tchalitchi. Ananyamula nawo bokosi. Ndinadikira, koma ndinangomva kulira kwa firiji kukhitchini.

Tegan anakhosomola. "Mayi Pridham, nkhani ya dokotala ndi yanga, ndiyendetsa ndekha. Koma kabogi aka kanabedwa pa katundu wa malemu. Pamenepo pakufunika mawu anu."

"Za kukhoti sindikuzidziwa, udzandifotokozera mawa." Ndinabwezera pepala lija pamulu. "Msonkhano uli nthawi yanji, alamu?"

"Thu koloko."

"Musausinthe. Musachotse mfundo yachitatu. Mukafika pamenepo mudzaimirire, muwerenge monga mwalemberamu, kenako muwauze zonse. Za kadontho, za njanji, za masiku asanu ndi atatu. Mudzanene ndi pakamwa panu, wapolisi asakunenereni. Ine ndidzakhala kutsogolo."

"Adzandichotsa m'kalabu."

"Mwina."

Anagwedeza mutu kangapo. Kenako anatambasula dzanja n'kukhudza denga la kabogi ndi chala chimodzi.

"Nanga aka?"

"Apolisi akathana nako, kapita kwa a Wal. Ndi zimene a Lindsay analemba."

"Alamu, agulitsa! Mwezi sutha, agulitsanso!"

Ndinakakulunganso m'thaulo lija n'kukapereka kwa Tegan.

"Agulitse," ndinatero. "N'kawo."